Galimoto Sindinaikweze, Ndinatsitsa Msewu

Makaniko wa ku Chileka anaizungulira kawiri galimoto yanga, nagwada, nasuzumira pansi, kenako anadzuka akupukusa mutu.

"Madamu, iyi tiikweze basi. Tiike masipesa pamasipuling'i, ikwereko zala zinayi. Aliyense akutero. Apo ayi muitaya pamsewu wa kwanu."

Ndinamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Galimoto inali isanathe mlungu m'manja mwanga, fungo la kunja lisanachoke m'kati, iye n'kumakamba kale zoikhoma zidutswa kunsi.

"Achimwene, ndakuitanani kuti musinthe oyilo," ndinatero. "Zinazo muzikauza eni minibasi."

Ine mkamwa mwanga simuchedwa, ndipo a ku Chileka amadziwa. Ndimagwira ntchito yowombola katundu pa bwalo la ndege, ntchito yokangana ndi amuna kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Zinali zaka zija anthu tinayamba kusankha magalimoto pa intaneti. Anzanga onse ankagula tating'onoting'ono tosamwa mafuta, toyenda ngati tikupepesa. Ine ndinasankha yakuda bii, yopangidwa ku Jeremani, yomwe inayamba yayenda kaye ku Japan. Zitseko zinayi, mipando yachikopa, masilinda sikisi, yotsika pafupi kukhudza pansi. Ndinakaitenga ndekha pachipata cha Mwanza. Mmene ndinaiponda pang'ono nditadutsa Zalewa, msana wanga unamatirira kumpando, ndipo ndinaseka ndekhandekha ngati wamisala.

Ku ofesi ankati, "Mzimayi ndi chilombo ichi, n'zoona?" Ndinkawayankha kuti chilombocho chimadziwa mwini wake. Koma sindinagulire iwo, ndipo kunena zoona sindinangodzigulira ndekha.

Ababa anga anali dalaivala zaka zoposa makumi atatu. Ankayendetsa banja lina la amalonda ku Limbe. Pa holide ndinkakhala nawo m'kachipinda ka antchito kuseri kwa nyumba ya abwana awo, ndipo m'mawa uliwonse ankandipatsa nsanza kuti ndipukute matayala iwo akupukuta magalasi. Akayatsa injini ankaika dzanja langa pa boneti n'kunena kuti, "Tamvera. Galimoto imalankhula, vuto n'lakuti anthu amathamangira kuyatsa wailesi." Kuyendetsa anandiphunzitsa ndi iwowo. Koma mwezi ukatha ankasiya makiyi patebulo la abwana, n'kukwera basi mpaka pa Lirangwe, kenako wapansi makilomita atatu mpaka kumudzi. Magalimoto onse amene anawapukuta moyo wawo wonse, palibe ngakhale imodzi inaimapo pakhomo pawo.

Pamene ndinkagula yangayi n'kuti shuga atawatenga maso. Miyendo inkatupa, moti pakaliyala ya njinga sakanatha kukhala, ndipo ulendo wawo unkathera pamtengo wa mango kumapeto kwa bwalo. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti galimoto imeneyi iime pakhomo pawo, aigwire ndi manja awo.

Loweruka loyamba ndinavala bwinobwino, nsapato zazitali ndi magalasi akuda, ndinadzera pa Kameza, Lunzu, mpaka pa Lirangwe. Pa tala zinali bwino zedi, anthu kumatembenuka. Nditakhotera mumsewu wafumbi wa kwathu m'pamene zinthu zinasintha. Malole onyamula mchenga kumtsinje anali atakumba ngalande ziwiri mmene mumadutsa matayala awo, pakati n'kusiya msana wautali wolimba gwa. Ndinayesa kukweza tayala limodzi pamsanapo, ndinayesa kuyenda chammbali. Nditangopitirira mjigo ndinamva khwaaa, kenako gu! Galimoto inakhala pamimba, matayala akumbuyo akungozungulira m'malere.

Akabaza sachedwa. Anafika anayi, aliyense ndi mawu ake.

"Ndege yatera, koma bwalo lake si lino!"

"Achemwali, iyi njoyendera pa kapeti."

Mxii! Ndinkafuna kuwalalatira koma ndinkafunanso mapewa awo. Anaikankha chobwerera, ine ndikumva mwala uliwonse ukukanda kunsi ngati ukukanda ineyo. Ndinaibweza mpaka pamsika, ndinaisiya pakhomo pa golosale ya mayi wina wodziwana ndi amayi anga, n'kukwera kabaza yemwe uja amati ndege yatera. Njira yonse ankaimba mluzu.

Ndinawapeza ababa atakhala pakhonde, atameta ndevu, khutu lili kumsewu.

"Ndamva njinga," anatero. "Galimoto ili kuti?"

Ndinafotokoza mwamanyazi. Pomaliza ndinati ndibwerera kwa makaniko uja akaikweze, poti palibe kuchitira mwina.

"Ayi," anatero ababa. "Amene anaitsitsa sanalakwitse. Yotsika imagwira msewu pakona. Ukaikweza izipepesuka, ndipo ndi liwiro lakelo tsiku lina idzakutayira m'tchire. Ndaona zambiri zokwezedwa, ndikudziwa."

Amayi anati nanga bwanji tipemphe ngolo iwatengere kumsika akaigwire komweko. Ababa anaseka pang'ono.

"Ndikwere ngolo kukaonera galimoto ya mwana wanga pamsika, ngati za eni? Isiyeni. Ndamva kuti wagula, basi zakwana. Galimoto zotere sizifika kuno, mwanangu, ine ndinazolowera kalekale."

Mawu akuti ndinazolowera amenewo anandipweteka kuposa kuseka kwa akabaza. Ndinakwiya, ndipo sindikudziwa kuti ndinakwiyira ndani, kaya malole, kaya abwana aja a ku Limbe, kaya ababa omwewo chifukwa chovomera msanga.

"Ndiye ngati galimoto sikwera, nditsitsa msewu," ndinatero.

Amayi anaomba m'manja akuseka. "Walira mvula walira matope, iwe! Makilomita atatu ndi khasu?"

Ababa sanaseke. Mawa lake ndikutsanzika anandiitana, nandiuza kuti Loweruka ndibwere ndi zingwe ziwiri. Chimodzi ndiyeze kuchoka pa tayala lamanja kufika pa lamanzere. Chinacho ndiyeze kuchoka pansi kufika pamalo otsikitsitsa a mimba ya galimoto. Ndinakayala thumba pabwalo ku Chileka, ndinagona chagada n'kuyeza, oyandikana nawo nyumba akusuzumira pampanda. Chingwe chachiwiricho chinali kafupifupi, chikhatho changa ndi zala ziwiri basi.

Loweruka ababa anatenga zingwezo, napempha thabwa lakale, sowo ndi misomali. Anakhoma okha mopapasa, nadzimenya chala kawiri, koma hamala anakana kupatsa munthu. Chimene chinatuluka chinali kabenchi kakatali, kamiyendo iwiri ifupiifupi. Miyendoyo anaifupikitsako ndi chala chimodzi, ati galimoto ikanyamula anthu imatsikako.

"Miyendo uziiika mmene mudutse matayala," anandiuza. "Thabwa likakhudza dothi, lima. Likapanda kukhudza, pita patsogolo. Usakhulupirire maso, maso amanama. Ine ndilibe koma ndikukuuza."

Umu ndi mmene ntchito inayendera, kuyambira mwezi wa Ogasiti. Lachisanu ndikaweruka ndinkayendetsa mpaka pa Lirangwe, galimoto kuisiya pa golosale paja. Loweruka m'mamawa ndinkamanga chitenje, kunyamula piki, khasu ndi benchi. Amayi, ngakhale ankandiseka, ndiwo ankakankha wilibala. Tinkaika benchi, likagwedera pamsana ndinkaswa ndi piki, dothi n'kulikokera m'ngalande. Mozama kwambiri tinkathiramo zibenthu za njerwa zochokera pa uvuni wakale wa malume anga. Mwayi wake malole pa nthawi ya dzuwa sakumba, ankangotitsenderera njerwazo. Pa tsiku tikalimbikira tinkayenda mtunda woti munthu akakuwa kumapeto umamumva bwinobwino.

Manja anga anatuluka matuza, matuza anaphulika, pamalo pake panabwera zikang'a. Lolemba ku ofesi ndinkalemba mapepala a katundu zala zili ndi mapulasitala. Mnzanga wina anafunsa ngati ndayamba ganyu. Ndinati eya, ndipo bwana wake ndi wovuta, ndi galimoto.

Kumudzi anandipatsa dzina, mayi wa benchi. Ena ankaima n'kumaonerera manja ali m'chiuno.

"Boma lalephera, inu mukwanitsa?"

Koma ambiri anali ndi yankho lawo kale. Kwathu munthu sakonza msewu chabe. Akayamba kukwirira maenje ndiye kuti chisankho chayandikira. Mayi wina anaima ndi mtolo wa nkhuni pamutu n'kundifunsa mwaulemu wonse kuti nsalu za chipani ndigawa liti, ndipo asaiwalike poti iye ndi wa kuchigawo cha kumtsinje.

"Amayi, ine sindikuimira ukhansala," ndinatero. "Ndikufuna galimoto yanga ifike kwathu."

Anandiyang'ana mwachisoni. Ndikuganiza kuti za ukhansala zikanamveka bwino kwa iye kuposa zimenezo.

Madzulo a Loweruka lililonse ababa ankafunsa funso limodzi lokha: "Lero mwafika pati?" Ndikati pa mjigo, pa mpanda wa nkhadze, pa kamlatho, iwo ankagwedeza mutu, chifukwa msewu umenewo anauyenda ndi mapazi awo zaka zonse zija ndipo ankaudziwa mwala uliwonse. Sankanenanso zoti anazolowera. Ndinaona kuti ayamba kudikira, ndipo zimenezi zinandiopsa, poti miyendo yawo inkatupirabe ndipo mvula ikanagwa ntchito yonse ikanapita ndi madzi.

Pofika pakati pa Okutobala tinali titatsala ndi kachigawo komaliza, pakona ya mlambe. Malole a mchenga safika kumeneko, amakhotera kumtsinje chakumbuyo, ndiye msewu ndi wopapatiza. Tsiku limenelo amayi anapita kumaliro kutsidya, ndinali ndekha, dzuwa likuswa mtengo. Nditafika pakonapo ndinapeza mizere yatsopano, yokonzekera mvula, italowa mpaka pakati pa msewu. Mbali inayo kunali chimwala. Ndinaika benchi, silinakwane ngakhale mopingasa.

Mutu unanditentha. Miyezi iwiri ndi theka ndikuswa msana, wina n'kudzalima pamsewu? Mundawo ndinkaudziwa, unali wa bambo wina wachikulire, Msilamu, wogula mbuzi m'midzi n'kumakagulitsa pa Lirangwe ndi ku Mdeka. Kunyumba kwake kunali pafupi, denga lake ndinkaliona. Koma sindinapiteko. Ndinatenga khasu n'kufafaniza mizere isanu ndi umodzi, ndinasalaza bwinobwino, ndinaika benchi, linakwana. Ndinapita kunyumba ndikudzitama.

Lamulungu masana, titabwera kutchalitchi, bamboyo anafika atavala mkanjo woyera ndi kachipewa kake. Anaodira, anapatsidwa mpando pafupi ndi ababa, anafunsana za matupi, za kutentha, za mbuzi. Kenako anati, mofatsa, dzulo munthu wina wamufafanizira mizere.

Sindinadikire kuti andifunse. "Ndine! Nanga inu bambo mukalime pamsewu? Anthu azidutsa pati?"

Sanakweze mawu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanangu, ine sindikulima pamsewu. Msewu ndiwo ukuyenda m'munda mwanga."

Anafotokoza kuti kale msewu unkadutsa kumanzere kwa mlambe. Chaka china cha mvula yambiri angolo ndi malole a njerwa anayamba kuthawa matope n'kumadzera kumanja, m'munda mwake. Chaka ndi chaka msewu unkadya mzere umodzi, iwiri, iye osalankhula poopa kukangana ndi mudzi wonse. Chaka chino banja lakula, ndiye anangobweza pang'ono pa zake zomwe.

Ndinatembenukira kwa ababa kuti anditeteze. Iwo anali atawerama.

"Akunena zoona," anatero. "Ine ndinkadutsa kumanzere kwa mlambe." Kenako anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga. "Safunsa anadya phula. Iwe unabadwira konkuno, ukudziwa kuti mzere wa munthu safafaniza. Ukafafaniza ndiye kuti ukunena kuti malowo si ake. Anthu amatengerana kubwalo la milandu pa mzere umodzi, iwe wachotsa isanu ndi umodzi. Tenga khasu ukabwezeretse."

"Ababa, ndikabwezeretsa galimoto sidutsa!"

"Isadutse. Sindingalandire galimoto yodzera m'munda mwa mnzanga."

Ndinalowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko, munthu wamkulu ndithu. Ndinalira ndi mkwiyo, poti ndinkadziwa kuti ndalakwa ndipo palibe wina woti ndimuloze chala. Nditatuluka ndinagwada pamaso pa bamboyo n'kupepesa. Mawuwo anatuluka movutikira ngati ndikumeza therere losapsa, koma anatuluka. Kenako ndinasintha zovala za kutchalitchi, ndinanyamula khasu.

Mizere ndinaibweza tsiku lomwelo, anthu odutsa akuima kuonerera mayi wa benchi akukwirira msewu wake womwe. Mwini munda anaima pamthunzi wa mlambe, manja kumbuyo.

"Wakhota umenewo," ankatero. "Bwerezani. Kodi ku bwalo la ndege sakuphunzitsani mizere?"

Ndinabwereza osayankha, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti chimenecho chinali chozizwitsa. Nditamaliza anandiitana kuti ndimutsatire kuseri kwa mlambe. Kunali udzu wouma, minga ndi zitsamba zofika m'chiuno. Anakanda pansi ndi ndodo yake, panaoneka timiyala.

"Msewu wanu ndi uwu," anatero. "Pansi pake m'polimba kuposa uko."

Ndinayang'ana tchirelo. Munali zitsa ziwiri zazikulu, ndipo kutalika kwake kunali ngati bwalo la mpira. Ndinayang'ana kumwamba, mitambo inali itayamba kusonkhana chakumapiri masana aliwonse. Ine ndi amayi ntchito imeneyo ikanatitengera mwezi wathunthu. Ndinabwerera ku Chileka mtima uli pansi, ndipo mlungu umenewo ndinakangana ndi aliyense amene anandipatsa moni.

Loweruka lotsatira ndinafuna benchi pakhonde, panalibe. Amayi anati ena abwereka.

"Ndani wabwereka benchi langa?"

"Pita ukaone," anatero ababa.

Ndinapita pakona paja chothamanga. Tchire lonse linali litalambulidwa, zitsa zitazulidwa n'kuponyedwa pambali, maenje ake atakwiriridwa ndi miyala. Bambo uja anali chogwada pakati pa msewu, mkanjo ataupinda, akusuntha benchi langa pang'onopang'ono, akamwini ake awiri akulima pamene ankaloza. Anagwira mlungu wonse kupatula Lachisanu.

Ndinangoti, "Bambo, zikomo."

"Musathokoze," anatero osadzuka. "Msewu ukabwerera kwawo, munda wanga upuma. Komanso bambo anuwo anandinyamulapo ulele pa Lunzu, tsiku lina mvula ikugwa, abwana awo atagona kumpando wakumbuyo. Iwo anaiwala, ine ayi."

Tinamaliza tsiku lomwelo mpaka pamtengo wa mango wa pakhomo. Ndinayenda ndi benchi msewu wonse kachiwiri, kuchokera kunyumba mpaka pa tala, kuchotsa timiyala ndi kukonza mmene ngolo zinawononga. Ababa ndinawauza kuti galimoto ifika mawa tikaweruka kutchalitchi. Iwo anangoti, "Chabwino," koma amayi anandinong'oneza kuti ababa awauza kale kuti awasitire malaya oyera.

Mawa lake ndinakaitenga pa golosale cha m'ma leveni. Ndinaipukuta yonse ngakhale ndinkadziwa kuti fumbi likudikira. Amayi anabwera kudzandichingamira, ndipo anakana kukwera. Anati iwo aziyenda patsogolo ndi benchi, pokayikitsa aziyeza.

Taganizani, galimoto yoti pa tala imameza mtunda ngati madzi, ikuyenda kumbuyo kwa mayi wachikulire wosenza thabwa pamutu. Ndinatsitsa magalasi onse, wailesi osayatsa, khutu lili kunsi. Akabaza aja anatitsatira, ulendo uno ali chete. Anthu anatuluka m'nyumba kuima m'mbali. Pa mjigo, pamene inakhala pamimba tsiku lija, ndinachepetsanso liwiro. Sipanamveke kanthu. Kabaza wa mluzu uja anakuwa kuti, "Yadutsa!" ndipo azimayi a pamjigo analuluta.

Pa kamlatho amayi anayeza kawiri. Pakona ya mlambe bambo wa mbuzi anaima pamalire a munda wake, akundikodola ndi dzanja kuti ndisendere kumanzere, kutali ndi mizere. Ndinasendera. Ulendo wa makilomita atatu unatitengera pafupifupi ola.

Ababa ndinawaona ndili patali. Anali chiimire pansi pa mango, popanda ndodo, atavala malaya oyera, tayi yakuda ndi jekete lawo lakale la kuntchito, lomwe tsopano linkawakulira m'mapewa. Ndinaimitsa pamaso pawo penipeni.

"Usazimitse," anatero.

Anatambasula dzanja mpaka linapeza boneti, naliika pamenepo chikhatho chonse. Anamvetsera nthawi yaitali, mutu ataupendeketsa.

"Sikisi," anatero. "Ikupuma bwino. Koma lamba wa fani akulira pang'ono, umuuze makaniko wako asadikire kuti aduke."

Kenako anagwira phewa la amayi, nagwada movutikira ndi miyendo yotupa ija, nalowetsa dzanja kunsi kwa chitseko. Anayeza chikhatho, anawonjezera zala ziwiri.

"Sunaikweze."

"Sindinaikweze, ababa."

Atadzuka anatulutsa kansalu m'thumba n'kuyamba kupukuta fumbi pagalasi, mozungulira, mmene ankachitira ku Limbe. Ine ndinali nditatuluka, nditasiya chitseko cha dalaivala chotsegula, poganiza kuti afuna kukhala pachiwongolero. Iwo sanapite kumeneko. Anayenda akupapasa mbali ya kumanzere, anapitirira chitseko chakutsogolo, napeza chogwirira cha chakumbuyo. Anatsegula, nabwerera phazi limodzi, naima njo pambali, dzanja lina kumbuyo, kudikira kuti munthu alowe.

Sindikuganiza kuti anadziwa chimene akuchita. Thupi linangokumbuka lokha. Ine misozi inangoti waa, pamaso pa akabaza ndi mudzi wonse, ndipo sindinabise.

"Ababa, lowani."

"Ine?"

"Palibe bwana wina pano."

Anaimabe, dzanja lili pachitseko. Amayi ndiwo anathetsa nkhani. "Lowani inu, mukutichedwetsa, mafuta akutha!" Anthu anaseka, ababa nawonso anaseka, nawerama n'kulowa. Anakhala kunsonga kwa mpando, mawondo pamodzi, manja pamawondo, ngati munthu wodikira pa ofesi ya eni. Ndinawamanga lamba, ndinatseka chitseko ndekha.

Tinabwerera pang'onopang'ono mpaka pa Lirangwe, iwo akutchula malo tisanafike: "Apa ndi pa mlambe, tadzera msewu wakale. Apa kamlatho." Titakwera tala ndinakhotera cha ku Mdeka, ndikuyenda mwaulemu poopa kuwagwedeza. Patapita kanthawi ndinamva mawu kumbuyo.

"Adalaivala, kodi galimotoyi munagula kuti izitsagana ndi njinga?"

Msewu unali woongoka, wopanda kanthu. Ndinaiponda. Injini inabangula, galimoto inakhala pansi n'kugwira tala. Ababa ankawerenga magiya mokweza pamene ankasintha: "Yachitatu. Yachinayi. Eee!" Pakona yaitali ija sinapepesuke ngakhale pang'ono, ndipo ndinawamva akuti, "Waona? Ndinakuuza." Kenako anati, "Basi, tsitsa. Kutsogoloku kuli msika, mbuzi zimadumpha." Ndinatsitsa, ndipo posakhalitsa msika unaonekadi, ndi mbuzi zake.

Ndinayang'ana pagalasi. Anali atasendera kumbuyo, msana wonse pampando, mutu atautsamira, mkono pachotsamira cha pakati, miyendo atatambasula. Sindinawaonepo atakhala choncho pamalo alionse.

"Mwanangu," anatero, "kodi kumbuyo kuno n'chonchi?"

"N'chonchi, ababa."

"Aaa. Zaka zonse zija, anthu aja osandiuza."

Tinabwerera kumudzi dzuwa litapendeka. Galimoto inaima pakhomo pa ababa mpaka cha m'ma folo, pansi pa mango, iwo atakoka mpando wawo n'kukhala pambali pake, aliyense wobwera kudzaona akumuuza kuti asatsamire. Kumapiri kunkagunda, ndiye ndinayenera kuitulutsa isanatsekeredwe ndi matope.

Loweruka lotsatira ndinafika pa kabaza, msewu utakumbikanso ndi madzi. Amayi anandiuza kuti nditangochoka tsiku lija, iwo anatenga tsache kuti asese pabwalo, ababa n'kuwaletsa. Anati asese kwina konse, koma pamene panaponda matayala asiye. Mvula inagwa Lachitatu. Lolemba ndi Lachiwiri lonse, m'mawa uliwonse, ababa ankavula nsapato n'kupita okha pansi pa mango, kukafufuza ndi phazi mmene munadutsa matayala.